Kodi Ng'ombe Yaikazi Siikoka Ngolo?

Pali mau amene amuna akonda kuwanena pabwalo, ndipo akawanena ayesa kuti mlandu watha. Ati, ng'ombe yaikazi siikoka ngolo. Mau awa awanena pa zaufumu, awanenanso pa za cuma, koma makamaka awanena pa za masamu, pamene mwana wamkazi ayamba kupambana alongo ace m'maphunziro. Ine sindiwabvomera mau amenewa. Koma sindifuna kuwatsutsa ndi mwambi unzace, pakuti mlandu sutha ndi miyambi iai, utha ndi mboni. Mboni yanga ndiye mkazi wa ku Ireland, dzina lace Edith Anne Stoney, amene ambiri amwerenga woyamba mwa akazi kugwira nchito ya physics m'cipatala. Physics ndiwo maphunziro a kuwala, kutentha, magetsi ndi mphamvu zina za m'cilengedwe, ndipo munthu sangawalowe popanda masamu. Timve za mkaziyu, ndipo pambuyo pace yense aweruze yekha.

Anabadwa m'mudzi waukuru wa Dublin pa 6 January 1869. Atate wace, George Johnstone Stoney, anali katswiri wa physics, ndiye amene anapeka dzina lakuti electron, dzina la kanthu kakang'onong'ono kamene kanyamula mphamvu ya magetsi. Edith atakula anamka ku Cambridge, ku England, nalowa m'sukulu ya akazi ya Newnham. M'caka ca 1893 analemba mayeso akuru a masamu a pa Cambridge, mayeso omwewo amene analemba amuna, napambana m'gulu loyamba. Tsono tamvani cimene cinacitika. Anyamata amene anapambana pamodzi naye, ndi ena ambiri amene iye anawasiya m'mbuyo, analandira digiri yao. Iye sanalandira kanthu, pakuti malamulo a Cambridge sanalola kupatsa mkazi digiri. Mafunso anali amodzi, ocongera anali amodzi, mayankho ace anali olungama. Cimene cinalakwa ndico kubadwa kwace.

Musayese kuti akuru a Cambridge anacita ici mosadziwa. Zaka zitatu Edith asanalembe, m'caka ca 1890, mkazi wina wa pa Newnham pomwepo, Philippa Fawcett, anapambana amuna onse m'mayeso omwewo, kuposa ndi mnyamata amene anamlengeza kuti ndiye woyamba. Umboni unali pamaso pao. Koma m'caka ca 1897, pamene anafunsidwa ngati akazi alandire digiri, amuna 1,713 anakana, ndipo obvomera anali 662 okha. M'caka ca 1921 anakananso kuwalandira akazi monga ziwalo zenizeni za sukuluyo, nangowalola dzina la digiri lolembedwa papepala, lopanda mpando kapena mau m'bwalo la sukulu. Khomo linatseguka lonse m'caka ca 1948, Edith atagona m'manda zaka khumi. Digiri zace anazilandira kwao ku Dublin, pa Trinity College, imene kuyambira 1904 inacitira cilungamo akazi oposa 700 amene anapambana mayeso pa Oxford ndi pa Cambridge namanidwa mphotho yao. Taonani tsono: ng'ombe inakoka ngolo kufikira pakhomo, ndipo eni mudzi anaimirira nanena kuti ngoloyo sinafike.

Mkazi wina akadakhumudwa nabwerera kukakhala pansi. Edith anayamba nchito. Anawerengera masamu Charles Parsons, mmisiri wochuka wa makina a nthunzi. Anaphunzitsa atsikana masamu pa Cheltenham Ladies' College. Ndipo m'caka ca 1899 anaikidwa mphunzitsi wa physics pa London School of Medicine for Women, sukulu yophunzitsa akazi udotolo. Nthawi imeneyo kunali kutamveka cinthu cacilendo. M'caka ca 1895 Mjeremani wina, Wilhelm Röntgen, anapeza ceza cosaoneka ndi maso cimene cipyola mnofu wa munthu, koma pfupa ndi citsulo zicitsekereza, kotero kuti mthunzi wace wa pfupalo utsala pagalasi lojambulira. Ndico cimene ticicha X-ray. Mng'ono wace wa Edith, Florence Stoney, anali dotolo. Ndipo m'caka ca 1902 awiriwa anakhazika makina a X-ray m'cipatala ca Royal Free ku London. Florence anadziwa thupi la munthu, Edith anadziwa magetsi ndi miyeso. Apa ndipo panaonekera nchito yatsopano, ya munthu wosakhala dotolo, koma amene dotolo sangathe kumsowa.

Nkhondo yaikuru itabuka mu August 1914, awiriwa anapita kwa akuru a nkhondo ku London, nadzipereka kukajambula asilikari obvulala. Anabwezedwa, ndipo cifukwa cace cinali comwe cija ca ku Cambridge. Lingalirani bwino cinthu ici, awerengi. Anyamata zikwizikwi analinkumka kumene zipolopolo ziwayembekeza, anthu odziwa makina a X-ray anali owerengeka, ndipo boma linakana manja awiri odziwa nchito cifukwa anali manja a akazi. Wolipira mwambo umenewu sanali Edith. Anali msilikari wogona pamacira ndi citsulo m'ncafu mwace.

Cimene Angerezi anakana Afalansa anacilandira. Dotolo wamkazi wa ku Scotland, Elsie Inglis, amene anabwezedwanso motero, anayambitsa zipatala zoyendetsedwa ndi akazi, zochedwa Scottish Women's Hospitals. M'caka ca 1915 Edith, ali ndi zaka 46, anasiya mpando wace wa uphunzitsi nalowa m'gulu limeneli. Anamtumiza ku Troyes, m'dziko la France, ku cipatala ca mahema ca makama 250, cimene ndalama zace zinasonkhedwa ndi akazi a pa Girton ndi pa Newnham, sukulu zomwe zija Cambridge inazimana digiri.

Apa ndifuna kukhalitsa pang'ono, pakuti ndipo pagona mlandu wonse. Cithunzi cimodzi ca X-ray cionetsa kuti m'mwendo muli cipolopolo, koma sicinena kuya kwace. Cingakhale pansi pa khungu pomwepa, cingakhale kuseri kwa pfupa. Mthunzi wace uli umodzimodzi. Dotolo akang'amba molota, acekaceka mnofu wabwino, ataya mwazi wa munthu wofoka kale, ndipo mwina cipolopoloco osacipeza. Nanga acite ciani? Yesani ici pamene mwakhalapo. Imikani cala canu patsogolo pa nkhope, mutsinzine diso limodzi, ndipo pambuyo pace linzace. Mudzaona calaco cirikudumpha pa khoma la kutsogolo kwanu. Mukaciyandikiza ku mphuno cidumpha kwambiri, mukacitalikitsa cidumpha pang'ono. Momwemo ndi X-ray. Ajambula kamodzi, nasuntha nyali ya makinawo mtunda woyesedwa bwino, najambulanso. Mthunzi wa cipolopolo usuntha pagalasi. Ndipo munthu wodziwa kutalika kwa nyali kucokera pagalasi, ndi mtunda umene nyali yasuntha, ndi umene mthunzi wasuntha, akhoza kuwerenga kuya kwa cipolopolo, nauza dotolo polowetsa mpeni ndi polekeza. Njira iyi ya zithunzi ziwiri Edith anaikhazika m'cipatala ca ku Troyes. Awa ndiwo masamu amene amuna ena ati mkazi sangawathe. Ndipo pa masamu amenewa panalenjekeka miyendo ndi miyoyo ya amuna.

Panalinso nthenda ina yoopsa koposa cipolopolo. Nkhondo ya ku France inamenyedwa m'minda yothiridwa ndowe zaka zambiri, ndipo dothi limeneli likalowa m'bala lakuya, tizirombo tace tioletsa mnofu ndi kubala mpweya m'kati mwa minyewa. Azungu aicha gas gangrene. Ifalikira msanga, kotero kuti munthu wooneka bwino m'mawa akhoza kufa mawa lace. Edith anagwiritsa nchito X-ray kuona mpweyawo uli m'kati mwa mnofu, pakuti ceza cipyola mpweya mosabvuta, ndipo malo ace aoneka pagalasi. Potero madotolo anadziwa msanga mwendo woyenera kudulidwa kuti mwini wace apulumuke.

Cakumapeto kwa 1915 gulu lace linatumizidwa kukathandiza ku Serbia, ku mudzi wa Gevgelija, kumene anakonza cipatala m'nyumba yakale yopangiramo silika. Magetsi kunalibe. Koma Edith anali atagula injini yaing'ono ku Paris, ndipo ndi iyo anayendetsa makina a X-ray naunikiranso cipatalaco. Adani atayandikira anathawira ku Salonika, m'dziko la Greece, nayambanso. Kumeneko anakonza zipangizo za magetsi ndi zina zolimbitsira minyewa ya asilikari opuwala. M'caka ca 1917 anabwerera ku France kukayang'anira X-ray m'zipatala za Royaumont ndi Villers-Cotterêts, ndipo m'caka ca 1918 anayenera kusamutsanso makina ace, Ajeremani atafika pafupi ndi Villers-Cotterêts. France inampatsa nyota ya Croix de Guerre, Serbia inampatsa ya St Sava.

Ndidziwa kuti otsutsa sasowa ponena. Woyamba adzati, Uyu anali mwana wa munthu wophunzira ndi wopata. Sanayambira pa fumbi. Ndibvomera ndithu. Anakulira m'nyumba ya mabuku, ndipo atate wace sanamletsa kuwatsegula. Koma mnzanga, kodi suona kuti wadzigwetsa wekha? Ukanena kuti anapambana cifukwa anampatsa mpata, wabvomera kuti ena alephera cifukwa awamana mpata. Ndiwo mau anga omwewo. Atate wace sanamlembera mayeso a 1893, sanamka naye ku Gevgelija. Cimene anacita ndico kusaima pakhomo. Atate aliyense, ngakhale wosauka, akhoza kucita cimeneci.

Wacimwiri adzati, Ameneyu anali wothandiza cabe. Wociritsa ndiye dotolo wogwira mpeni. Koma ndani amanga nyumba, woumba njerwa kapena woika cingwe coongolera khoma? Onse awiri, ndipo cingwe cikapotoka khoma ligwa, ngakhale njerwa zace zikhale zokoma. Kuyesa ndiyo nchito yosaoneka, cifukwa cace anthu saiyamika. Komatu ceza ca X-ray siciri cosewera naco. Ambiri mwa amene anayamba kucigwiritsa nchito anapsa manja, ena anadulidwa zala, ena anafa ndi khansa, pakuti sanadziwa muyeso wace. Lero zipatala zimene zitentha khansa ndi ceza zisunga munthu wa physics amene ayesa makina ndi kuwerenga mlingo woyenera wodwala aliyense, pakuti cocepa siciritsa ndipo cocuruka cipha. Nchito imeneyi Edith Stoney anali mwa oilambulira njira. Woicha yaing'ono ayambe wagona pansi pa makina osayesedwa, ndipo abwere adzatiuze.

Wacitatu, amene ndimuopa koposa cifukwa alankhula mofatsa, adzati, Izi nzakale. Unali mwambo wa masiku amenewo, tisawaweruze. Koma amuna 662 aja anakhala m'masiku omwewo, naona coonadi. A ku Dublin anaciona m'caka ca 1904. Afalansa anaciona m'caka ca 1915. Amene anakana sanasowa kuunika. Anatsinzina dala, pakuti anaopa kugawana mpando. Ndipo ngati mau akuti nzakale ali oona, cifukwa ninji mwambi wa ng'ombe uja ukali m'kamwa mwathu?

Nkhondo itatha Edith anabwerera ku uphunzitsi, naphunzitsa physics pa King's College for Women ku London kufikira 1925. Anakhala ndi mng'ono wace ku Bournemouth mpaka Florence anamwalira m'caka ca 1932. Cuma cace anaciika m'thumba lochedwa ndi maina a atate wace ndi mng'ono wace, lothandiza akazi ophunzira kukacita kafukufuku ku Australia, New Zealand ndi South Africa. Iye amene anatsekeredwa khomo anatha masiku ace akutsegulira ena. Anamwalira pa 25 June 1938, ali ndi zaka 69.

Tsono mboni yanga yatha kulankhula, ndipo mau atsala kwa inu. Sindipempha kuti mwana wamkazi amkomere mtima pocongera masamu ace, kapena kumcepetsera funso. Edith Stoney sanapempha cotero. Analemba mayeso a amuna monga analili. Ndipempha cimodzi cokha, cimene Cambridge inacedwa naco zaka 55 kucokera tsiku la mayeso ace: yankho likakhala lolungama, licongedwe lolungama, osayang'ana dzanja lolemba. Inu atate, mwana wanu wamkazi akakonda kuwerengera, musamlande sileti kuti mupatse mlongo wace. Inu aphunzitsi, musamdumphe pofunsa funso lobvuta. Ndipo inu amene mukonda mwambi uja, tsiku limene mudzagona m'cipatala ndi pfupa lothyoka, mukafunse kaye ngati woyesa makinawo ali mwamuna kapena mkazi, ndipo akakhala mkazi, mudzuke mubwerere kwanu. Ngati simungathe kutero, lekani kuunena mwambiwo.