Mgodi wa dola imodzi ndi masheya a m'komboni

Mu 2021 kampani ya Glencore inagulitsa gawo lake la migodi ya Mopani kwa kampani ya ku Zambia ya ZCCM-IH pa mtengo wa dola imodzi. Ndalama yosakwana n'komwe thumba la makala ku Chawama inagula migodi ya ku Kitwe ndi ku Mufulira, makina ake ndi ng'anjo yosungunulira kopa. Amene anamva mutu wa nkhani wokha anaomba m'manja. Koma kuseri kwa dola imodziyo kunali ngongole ya madola 1.5 biliyoni yoti mgodiwo ubweze kwa Glencore yemweyo, ndipo mtengo weniweni unali umenewo. Pofika 2024 panafunika wina wobwera ndi ndalama, ndipo International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inatenga 51 peresenti ya Mopani.

Wina anganene kuti izi n'za a ku Kabulonga, ife a ku Kanyama ndi ku George zikutikhudza pati? Zikutikhudza pa payslip. Aliyense amene amadulidwa ndalama ya NAPSA mwezi ndi mwezi, kaya ndi mlonda, kaya amagwira m'mafakitale, ali kale m'nkhaniyi, chifukwa NAPSA ili ndi masheya mu ZCCM-IH ndi m'makampani ena a pa msika wa masheya wa Lusaka. Komanso chiyambire 2023, pamene lamulo linalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za NAPSA, nkhani ya kosungira ndalama inalowa m'makomboni. Ena anagula malata, ena analipirira ana sukulu, ndipo ena, makamaka a m'magulu a chilimba ndi village banking, ayamba kufunsa za masheya. Kufunsako n'kwabwino. Chondidetsa nkhawa ndi nambala imene anthu amayamba kuyang'ana.

Amayang'ana kukula. Kampani ikalengeza kuti chaka chino yagulitsa katundu wa mabiliyoni akutiakuti, anthu amati basi, iyi ndiye yolemera. Makampani nawonso amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake nambala ya zogulitsa amailemba pamwamba ndi zilembo zonenepa. Komatu mayi aliyense wa kantemba ku Mtendere amadziwa kuti ndalama ya m'mbale madzulo si yake yonse. Achotsepo yokaodera ku Soweto mawa, ya lendi, ya wa kaloba amene amabwera Lachisanu, ndiponso akumbukire kuti mapamela ena anatengedwa pa ngongole ndi anansi omwe mwina sadzalipira. Zotsala pamenepo, ngati zilipo, ndiye zake. Kampani ya pa msika wa masheya imawerengedwa chimodzimodzi, kungoti mapepala ake ndi ambiri.

Choncho mukatsegula lipoti la pachaka, dumphani chithunzi cha wapampando ndi mawu ake okoma, mupite pa phindu lotsala msonkho utachotsedwa. Phindulo ligaweni ndi chiwerengero cha masheya onse kuti mudziwe zimene sheya imodzi yapanga. Tiyerekeze kuti sheya ikugulitsidwa K20 ndipo yapanga K2 pachaka: ndiye kuti mukulipira phindu la zaka khumi. Ina ya K5 yomwe yapanga 10 ngwee yokha, ngakhale ikuoneka yotchipa, mukuilipirira zaka makumi asanu. Kutchipa kwa sheya sikuoneka pa mtengo wake wokha.

Phindu lolembedwa nalonso lili ndi msampha wake. Kampani ikhoza kulemba phindu pa katundu amene inapereka koma sanalipiridwe, ndipo m'dziko muno, momwe maofesi a boma amachedwetsa malipiro, nkhani imeneyi si yachilendo. Tsamba losonyeza ndalama zenizeni zimene zinalowa ndi kutuluka ndi limene ine ndimalikhulupirira kuposa onse. Phindu likamakwera chaka ndi chaka koma ndalama ya m'manja ikuchepa, pali china chikununkha.

Ndiye pali ngongole, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Funso si lakuti kampani ili ndi ngongole kapena ayi, pakuti pafupifupi zonse zili nayo. Funsani kuti ndi yaikulu bwanji poyerekeza ndi mpamba wa eni ake, chiwongoladzanja chikudya gawo lanji la phindu, ndipo koposa zonse, ili mu ndalama yanji. Mu 2017 dola imodzi inali pafupifupi K10. Mu 2021 inadutsa K22, ndipo mu 2024 inapitirira K27. Kampani yogulitsa katundu wake mu kwacha kwa anthu a ku Matero, koma yokongola madola, inaona ngongole yake ikutupa popanda kukongola ngwee ina. Obwereketsa ndiwo amayamba kulipidwa. Mwini sheya wamba amaima kumapeto kwa mzere, ndipo chaka chikavuta amabwerera manja ali m'thumba.

Mbiri yabwino nayo si chikole. Chilanga Cement ndiyo inali kampani yoyamba kulembedwa pa msika wa masheya wa Lusaka, womwe unatsegulidwa mu 1994, ndipo kwa zaka zambiri, pa dzina la Lafarge, inkalamulira msika wa simenti. Mu 2015 Dangote anatsegula fakitale yake pafupi ndi Ndola, mitengo inagwa, phindu la Lafarge linatsika nalo. Anthu sanaleke kumanga. Oumba mabuloko a ku Kalingalinga anapitiriza ntchito ngati kale. Chinasintha n'chakuti pa thumba lililonse pankatsala zochepa. Mu 2021 kampaniyo inagulidwa ndi Huaxin ya ku China ndipo pambuyo pake inabwerera ku dzina lake lakale.

Muyeso womaliza ndi umene eni makampani sakonda kuutchula pa misonkhano. Gawo la phindu limene mwalandira, kuphatikiza kukwera kwa mtengo wa sheya, zapambana kukwera kwa mitengo ya zinthu? Pakati pa 2021 mitengo inkakwera ndi 24 peresenti ndi kupitirira pachaka. Munthu amene masheya ake anam'patsa 10 peresenti chaka chimenecho anaona nambala ikukula, koma ufa wogula nayo unachepa. Zaka zomwezo mabondi a boma ankalipira kupitirira 20 peresenti, ndiye sheya imene siikufika pa zimene mabondi akulipira iyenera kukhala ndi chifukwa chomveka choti muisungirebe. Dziwaninso kuti msika wathu ndi waung'ono: masheya a makampani ena amatha masiku osagulidwa ndi munthu. Ndalama ya maliro kapena ya fizi ya Januwale musaiike kumeneko.

Sindikuletsa munthu. Tsiku ndi tsiku timagula shuga wa Zambia Sugar, nyama ya Zambeef, talk time ya Airtel, ena ndi Shake Shake wawo wa National Breweries, ndipo makampani onsewa ali pa msika umenewu. Palibe chifukwa choti phindu lochokera m'matumba a ku komboni lizingopita kwa ena. Koma gulani kudzera kwa broker wovomerezeka ndi Securities and Exchange Commission, osati kwa mnyamata wa pa WhatsApp wolonjeza kuti ndalama iswana pa mwezi umodzi. Ndipo mukagula, ngakhale masheya ochepa, muli ndi ufulu wolowa mu msonkhano wa pachaka wa eni masheya. Pitaniko, imikani dzanja, mufunse kuti ngongole ya madola yatsala zingati ndipo idzatha liti.