Pakati pa kugonekedwa ndi kungolandira mapiritsi

Munthu wamkulu akadwala maganizo kuno kwathu, njira zimakhala ziwiri basi. Akayamba kulusa kapena kufuna kudzipha, abale amathamangira naye ku Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu, n'kukagonekedwa. Akakhala woti akuyenda yekha, amalandira mapiritsi a mwezi, n'kuuzidwa tsiku lobweranso. Masiku onse apakatiwo amalimbana nazo yekha. Komatu ovutika ambiri ali pakati pa njira ziwirizi: sanafike pogonekedwa, koma kuonana ndi namwino kamphindi pamwezi sikuwakwanira.

Ku America anthu otere ali ndi chithandizo chawochawo. Wodwala amagona kwawo, koma masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata amapita kuchipatala n'kukhalako maola pafupifupi atatu. Maola 9 pa sabata ndiwo poyambira, ndipo kuchokera mu 2024 inshulansi ya boma ya Medicare imalipira chithandizochi. Nthawi yambiri odwala amakhala pagulu motsogozedwa ndi mlangizi, kenaka aliyense amapatsidwa mpata wokambirana naye paokha.

Chimene chimandikopa m'menemu n'chakuti munthu sachotsedwa pamoyo wake. Mayi amapitiriza kulera ana, bambo sataya ntchito. Zimene waphunzira masana amakaziyesa madzulo omwewo kunyumba, komwe kuli ngongole, mikangano ndi mowa zomwe zinamudwalitsazo. Zikakanika, mkuja amabwera nazo pagulu. Gululo limachotsa bodza loti vuto lako palibenso wina ali nalo, ndipo mnzako amene anasiya chamba chaka chatha amakuuza mosapsatira zomwe dokotala angazengereze kunena. Koma zilipo zina, monga kugwiriridwa kapena maganizo odzipha, zomwe munthu sangaulule anthu ali gwirigwiri. Izo n'zokambirana awiri, chitseko chili chotseka.

Wina anena kuti izi n'za mayiko olemera, ife madokotala a matendawa ndi owerengeka. N'zoona, koma anzathu anayesa ndi zochepa zomwe anali nazo. M'maboma a Masaka ndi Rakai ku Uganda, anthu wamba ophunzitsidwa bwino ankatsogolera magulu a ovutika maganizo kamodzi pa sabata kwa masabata 16, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2003 zinaonetsa kuti ambiri anachira. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukambirana ndi odwala pabenchi panja pa chipatala, maulendo 6 aliyense, kenaka odwalawo n'kulowa m'gulu la anzawo. Kafukufuku wa 2016 anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pabenchipo, pafupifupi 14 okha ndiwo anali akuvutikabe, pomwe mwa olandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi theka.

Sindikunena kuti benchi ilowe m'malo mwa mankhwala kapena wodi. Munthu amene akumva mawu omwe ena sakuwamva, kapena amene moyo wake uli pachiswe, agonekedwe ndithu. Koma akatuluka akupita kuti? Masabata oyamba atatuluka m'chipatala ndiwo oopsa kwambiri, ndipo m'pomwe timamusiyira gadiyani amene watopa kale.

Poyambira tili napo. Tili ndi anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za m'maboma, koleji ya St John of God imaphunzitsa alangizi, ndipo magulu a anthu amene ali ndi HIV anatiphunzitsa kuti Amalawi amatha kukhala pamodzi n'kukambirana zomwe kale zinali zamanyazi. Zovuta zake n'zodziwikanso: ndalama ya thiransipoti katatu pa sabata, ndiponso miseche. Choncho magulu azikumana kuchipatala chaching'ono chapafupi, lamulo losunga chinsinsi likhale lolimba, ndipo abambo, amene apolisi amati ndiwo ambiri mwa odzipha, akhale ndi gulu lawolawo pa nthawi yoti aweruka kuntchito.

A Unduna wa Zaumoyo ndi makhonsolo, izi sizikulira nyumba yatsopano ayi. Perekani chipinda chimodzi masana, mlangizi wolipidwa ndi ndandanda yosaphonya. Yambani ndi maboma ochepa, muwerenge odwala amene akubwereranso kuwodi, kenaka mutiuze zomwe mwapeza.