Chenjezo: Musatumize Ndalama Kumudzi Musanamve Mawu a Makolo Anu

Inu okhala ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga, ndi inu ogwira ntchito m'tauni, amene makolo anu ali ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza kapena Lundazi, mverani izi lero lomwe. Mbava zadziwa kuti mwana wa ku Lusaka akamva kuti amayi adwala sayamba wafunsa, amangotumiza ndalama.

Kale ndalama zinkapatsidwa kwa kondakitala wa basi pa Intercity, n'kuyenda tsiku lonse pa Great East Road n'kuwoloka mlatho wa Luangwa. Lero Airtel Money, MTN MoMo ndi Zamtel Kwacha zimafikitsa ndalama ya feteleza kapena ya mankhwala a BP pa mphindi imodzi. Foni yatithandiza kusamalira makolo tili kutali, ndipo sindikunena kuti muisiye. Koma akuba nawonso akudutsa njira yomweyo.

Uthenga umabwera kuchokera pa nambala yachilendo, wonena kuti foni yawonongeka, ndalama ija itumizidwe pa nambala ina ndipo dzina lidzatuluka la munthu wina. Nthawi zina amaimba ndithu, akudzitcha nesi kapena mnansi wa kumudzi, akunena kuti atate agonekedwa ndipo ndalama ikufunika msanga. Kufulumiza kumeneko ndiko chizindikiro chachikulu. Dulani foniyo, imbani pa nambala ya makolo imene mukuidziwa. Ikapanda kupezeka, imbirani azakhali, amalume kapena aliyense wa pakhomo amene mawu ake mumawazindikira. Wina akakupemphani manambala 6 amene WhatsApp yakutumizirani, akufuna kulanda akaunti yanu kuti apemphe ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Akuba amenewa si anyamata ochepa ongoyesa mwayi. Mu April 2024 a Drug Enforcement Commission ndi apolisi anagwira anthu 77 oganiziridwa kuba kudzera pa intaneti pa nyumba ina ku Roma, muno mu Lusaka, n'kupeza masimu kadi oposa 13,000.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chimene chimachitikira agogo eniakewo. Ambiri maso anafooka, ena sawerenga Chingerezi cha m'mauthenga, choncho amapereka foni ndi PIN kwa mdzukulu, kapena amatchula PIN mokweza pa buthu anthu ali pamzere. Wakuba akawaimbira mwaulemu kuti ndi wa ku kampani ya mafoni, kapena kuti watumiza ndalama molakwika ndipo aibweze, iwo amamvera, chifukwa anakula akulemekeza aliyense wolankhula ngati wa ku ofesi. Akazindikira kuti aberedwa amachita manyazi, amakhala chete, mwezi wonse n'kutha alibe sopo kapena mankhwala inu mukuganiza kuti zonse zili bwino. Auzeni m'chinenero chawo, mobwerezabwereza, kuti PIN sauza munthu pa foni ngakhale atadzitcha wa boma kapena wa Social Cash Transfer. Simu kadi yawo ikhale yolembetsedwa pa NRC yawo, osati ya mdzukulu amene mawa angasamuke. Ngati sangathe kutapa okha, banja ligwirizane pa munthu mmodzi wodalirika. Mukatumiza, aimbireni n'kuwauza kuchuluka kwa ndalamayo, ndipo madzulo funsani kuti alandira zingati m'manja.

Ngati ndalama yapita kale, musadikire kuti kuche. Imbirani kampani ya foni yanu nthawi yomweyo, ndalamayo isanatapidwe. Musafufute uthenga wotsimikiza, chifukwa muli nambala imene apolisi ndi kampaniyo adzaifuna. Kanenezeni ku polisi yapafupi, ndipo nambala ya wakubayo muipereke ku ZICTA podina *707#. Uzaninso abale onse pa gulu la banja la WhatsApp, popeza wakuba amene wapeza mwayi pa inu amayesanso achimwene ndi achemwali anu.