Nthabwala zikusowa malo pa kanema

Chikhazikitsireni TVM mu 1999, nyumba za kanema zachuluka m'dziko muno, koma nthabwala za konkuno zikusowabe malo okhazikika. Vuto si luso ayi. Ndani angatsutse zoti Izeki ndi Jakobo ankathyola anthu nthiti? John Nyanga adatisiya mu 2016, Eric Mabedi mu 2021, koma pa Nsaru ngakhale pa Kabudula mayina awo sadazilale.

Chomwe chimapha pulogalamu n'kusowa kampani yoilipirira, ndipo makampaniwo maso awo ali pa ogula a m'tauni. Khamu lothithikana pa kanema mmodzi m'chisakasa pa Namitete saliwerengera, ngakhale liseke mpaka misozi. Mapeto ake nthawi ya sewero imagulitsidwa kwa amene wabwera ndi ndalama, kaya ndi mneneri kaya wandale.