Sitepu yopanda dzina imafela ku rehearsal

Imwe amene munavinapo pa line-up ya ukwati, vuto mulidziwa. Mizele iwili, anyamata uku atsikana uku, mwezi wonse muli pa rehearsal. Koma tsiku lenileni DJ akangosintha nyimbo, wina apita kumanzele, mnzake kumanja, best man waponda dilesi ya mwana wa eni.

Sabata yatha n'napita kukaonelela rehearsal ya msuweni wanga ku Kabwata. Matron wawo ni mayi wogulitsa salaula ku Soweto, ndipo zowelenga manambala monga ku sukulu alibe nazo nchito. Sitepu iliyonse anaipanga yekha, naipatsa dzina la mu msika.

Akakuwa kuti "Wilibala!", mnyamata agwila mtsikana m'mapewa n'kumuyendetsa pakati pa mizele mpaka kumapeto, monga a Zamcab akamapyoza gulu la anthu na masaka a tomato. "Matika" ni kulumpha katatu chammbali mwendo uli m'mwamba. Aliyense amene anapondapo Soweto mu January safunika kumuuza kawili. Ine yanga ni "Salaula": mtsikana adutsa anyamata awili, awayang'ana kumutu mpaka kunsapato, awasiya, atenga wachitatu. Apo holo yonse idzakuwa, muzaniuza.

Mwaona nzelu yake? Dzina likumbutsa miyendo. Manambala amathawa ukaona apongozi pa high table, koma wilibala sungaiwale.

Azungu nawonso ali nazo. Ku America, makamaka ku New England, kuli contra dance: mizele iwili chimodzimodzi, na munthu pa maiki amene aitana masitepu monga swing na do-si-do nyimbo ili mkati. Chimene anatipambana n'chakuti gule watsopano akapangidwa, amalembedwa, dzina lake pamodzi na la mwini wake, ndipo oitana ena amamutchula.

Ife pano ayi. Vidiyo ikalowa pa TikTok, sabata yotsatila "Wilibala" ili ku Chelstone, matron wina walipilitsa ngati yake, mwini wake ali pa bale kufuula mitengo ya majekete. Kumbukilani Jerusalema ya Master KG mu 2020: dziko lonse linavina, koma ambili sanadziwe kuti masitepu aja anachokela kwa achinyamata a ku Angola. Gwara gwara yokha inachita mwayi, inafika mpaka kwa Rihanna pa Grammy mu 2018 dzina la DJ Bongz likumveka.

Manje imwe a line-up, mukaponya vidiyo, lembani dzina la sitepu na la matron wanu. Data ni imodzimodzi, simuonjezela ngwee.

Ukwati wa msuweni uli pa Chiwelu. Best man akali kugwa pa "Matika", ndipo matron wamuopseza kuti amuika kumbuyo kwa knife boy.