Mawu a Abusa: Kodi Nyumba Imakoma ndi Chiyani?



Zokolola zikalowa m'nkhokwe ndipo udzu ukauma, kuno ku Chiuta ntchito imatembenukira pakhomo. Abambo amakwera padenga kukafolera, anyamata amaumba njerwa, amayi amatsikira kudambo ndi madengu kukakumba dothi lozirira. Ndi nyengo yomweyinso pamene maukwati amachuluka mu mpingo, ndipo taona kuti achinyamata ambiri okonzekera banja amada nkhawa ndi katundu wa m'nyumba kuposa malumbiro amene akukachita. Pa chifukwa ichi, mwezi uno tafuna kuti tilingalire pamodzi funso looneka ngati laling'ono: kodi nyumba imakoma ndi chiyani?

Masabata apitawa, poyendera akhristu a mlaga wina wa kufupi ndi nyanja, tidafika kwa mayi wina wamasiye, wachikulire ndithu. Nyumba yawo ndi ya zidina, yofolera ndi udzu, ya zipinda ziwiri ndi khonde. Koma tisanaodire n'komwe tidayamba taima ndi kuyang'ana. Kunsi kwa khoma adazira ndi dothi lakuda la kudambo kulekeza m'mawondo. Pamwamba pake adadutsitsa mzere wa katondo wofiira, ndipo mozungulira chitseko adajambula nsomba ndi masamba a bango pogwiritsa ntchito phulusa loyera. M'kati, pansi padali posalala ngati pa simenti, popeza adapakulungiza ndi nkhulungo masiku awiri athunthu. Mphasa idali yoyala kale, mtsuko wa madzi uli pakona wovundikira ndi mbale, ndipo pazenera padali kansalu ka kapulana wakale kosokedwa bwino m'mphepete.

Titawafunsa kumene amatenga nzeru zotere, adaseka. Adatiuza kuti adaphunzira poonerera amayi awo, ndipo zojambulazo amazitenga pa zimene maso awo aona: nyanja ya Chiuta m'mamawa asodzi akamakocheza, mabango a m'mphepete, ndi maluwa a pa nsalu imene avala. Mvula ikafufuta sadandaula, chifukwa chaka chinacho amajambula zina.

Koma chimene chidatikhudza kwambiri chidali pakhonde. Padali mphero yakale yokumbika pakati, imene sapererapo kanthu masiku ano. M'zaka za nkhondo, banja lawo lidathawira kutsidya, m'boma la Machinga, monga adachitira anthu a dziko lino pafupifupi miliyoni imodzi amene adabisala ku Malawi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, iwo adabwerera mu 1994 ndi kupeza bwinja lokhalokha. Nsichi zidapsa, mbiya zidasweka. M'thengo lomwe lidamera pamenepo adapezamo mwala umodzi wokha umene moto udaulephera, mphero ya amayi awo. Adamanga nyumba yatsopano pomwepo ndi kuika mwalawo pakhomo. Adzukulu akafunsa za mwalawo, amawafotokozera kumene Mulungu adawachotsa. Palibe sitolo ku Cuamba kapena ku Nampula imene ingagulitse chokongoletsa nyumba choposa chimenecho.

M'mizinda ikuluikulu muli anthu amene adaphunzira ntchito yokonza ndi kukongoletsa m'kati mwa nyumba, ndipo amalipidwa ndalama zambiri. Amene amaidziwa bwino ntchitoyo sathamangira kugula mipando. Amayamba afunsa kuti m'nyumbamo mukhala yani, amadyera pati, amalandira alendo angati, ndi chinthu chiti chimene sangalole kutaya. Mayi wathu wa kunyanja uja amachita zomwezo, ngakhale alibe satifiketi. Ndipo tisaganize kuti luso la amayi a kumudzi ndi lachabe. Ku South Africa kuli mayi wa mtundu wa Andebele, Esther Mahlangu, wobadwa mu 1935, amene adaphunzira kujambula makoma kwa amayi ake ndi agogo ake, akugwiritsa ntchito nthenga za nkhuku. Mu 1991 kampani ya BMW idamupempha kuti ajambule galimoto yake ndi mizere yomweyo ya pa makoma a kwawo, ndipo dzina lake lidamveka m'maiko ambiri. Chimene ife timachita nacho manyazi, ena amachifunafuna.

Ena mwa ife amaganiza kuti kusamala za kukongola kwa nyumba ndi chidziko. Malembo satero. Pa Eksodo 31 ndi 35 timawerenga kuti Mulungu adaitana Bezaleli ndi kumudzaza ndi Mzimu wake kuti akhale mmisiri wa golide, siliva, mkuwa, miyala ndi mitengo, ndipo adampatsa Oholiabu kuti amuthandize pa ntchito ya chihema. Amayi aluso nawonso adapota thonje ndi ubweya wa mbuzi ndi manja awo. Mulungu amene adapaka utoto nsomba ndi mbalame za m'nyanja yathuyi sakondwera ndi uve kapena kutayirira. Mayi wozira bwino, bambo woluka mphasa yosabaya, mnyamata wosema chitseko cholunjika, onsewa ali ndi mphatso yochokera kumwamba.

Taonaninso mayi wa ku Sunemu pa 2 Mafumu 4:8-10. Adali wachuma, akadatha kudzaza chipinda ndi zinthu. Koma pokonzera mneneri Elisa malo, adaikamo zinthu zinayi zokha: kama, tebulo, mpando ndi nyale. Adalingalira za munthu amene akagonemo, kuti adzafuna kupuma, kudya, kukhala pansi ndi kuona usiku. Chipinda chidakoma chifukwa adachikonzera munthu.

Komabe Malembo omwewo ali ndi chenjezo loopsa. Pa Yeremiya 22:13-17 mneneri akudzudzula mfumu Yehoyakimu, amene adamanga nyumba ya zipinda zazikulu ndi mazenera otakasuka, naikuta ndi matabwa a mkungudza ndi kuipaka utoto wofiira, koma antchito ake osawalipira. Mulungu sadadane ndi mkungudza kapena utotowo. Adadana ndi thukuta la munthu wosauka limene lidabisika kuseri kwake. Tisanene kuti izi ndi za mafumu okha. Pakati pathu pali nyumba za malata zowala, pamene mmisiri amene adakhoma dengalo akuyendera ndalama zake chaka chachiwiri tsopano, ndipo Lamulungu onse awiri amakhala pa benchi limodzi.

Vuto lina ndi la ngongole. Masiku ano achinyamata amaona pa foni zithunzi za nyumba za ku Maputo ndi ku Johannesburg, mtima n'kuuluka. Akakolola mpunga kapena nandolo amagulitsa zonse, chimanga chomwe, kuti agule masofa ndi kabati ya magalasi. Zikapanda kukwana amathamangira katapila. Pofika mwezi wa Januwale nkhokwe ili mbee, mwini ndalama ali pakhomo, ndipo mwamuna ndi mkazi akulozana zala atakhala pa masofa omwewo. Tikulankhula izi modzichepetsa, pakuti nafenso titangolowa m'banja tidatenga kabati pa ngongole, ndipo kwa miyezi yambiri idaima pabalaza ilibe mbale m'kati, ife tikudyera ndiwo zopanda mafuta. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chomvetsa chisoni china n'chakuti pabalaza pakadzaza zinthu zodula, anthu amayamba kuchepa. Ana amauzidwa kuti akadyere kukhitchini. Agogo ochokera kumunda amaimitsidwa panja kuopa matope. Mapemphero a mlaga akafika pa nyumba imeneyo, eni ake amapeza chifukwa. Koma mpingo woyamba udakulira m'nyumba za anthu monga Priskila ndi Akwila, amene Paulo akuwatchula pa Aroma 16:3-5. Nyumba imene mlendo amaopa kukhala pansi yataya ntchito yake, ingawale bwanji.

Tsono abale ndi alongo, pamene tikukonza makomo athu mvula isanagwe, tiyeni tiyambe ndi zimene zili m'manja mwathu. Dothi la kudambo, bango, mlaza ndi udzu Mulungu adatipatsa kwaulere. Amayi achikulire, musafe nalo luso lanu. Itanani atsikana a mu mpingo tsiku limene mukuzira, agwire nkhulungo ndi manja awo. Abambo, ngati pali mmisiri amene simudamalize kumulipira, mumalizeni musanagule chitini cha penti. Inu amene mukulowa m'banja chaka chino, gulani chinthu chimodzi chimodzi monga thumba likulolera, ndipo musataye mpando wa agogo chifukwa chakuti ndi wakale. Amene Mulungu wakudalitsani ndi simenti ndi malata, yamikani, kongoletsani ndithu, koma siyani malo a mphasa imodzi ya mlendo.

Tsiku lija tikutsanzikana ndi mayi wamasiye uja, adatipempha kuti mapemphero a mlaga a mwezi wamawa adzachitikire kwawo. Tidawakumbutsa kuti anthu adzapitirira makumi atatu ndipo adzawaonongera pansi pawo posalalapo. Adayankha kuti adzaziranso.

Ambuye adalitse makomo anu, ndi onse olowa ndi kutulukamo. Amen.