Mphika wa pa Idi umayambira ku khola ndi kumunda



Lachisanu lapitali titatuluka mu swala ya Juma, mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ku madrasa ali wamng'ono anandikokera pambali. Akuti, "Shehe, apongozi anga akubwera pa Idi kuchokera ku Mangochi, ndiye ndikufuna ndigulitse mbuzi ndigule mpunga, mafuta ndi zakumwa." Ndinamufunsa kuti mbuzi yake iti. Akuti yaikazi ija, ya bere. Ndinangoti, khala pansi mwana wanga, ndikuuze zimene zinandionekera ine. Zimene ndinamuuzazo ndi zimene ndikulemba pano, chifukwa ndikudziwa kuti amene akuganiza chonchi m'midzi mwathu muno ndi ambiri.

Mu 1997 Idi yomasulira kusala inagwa mu Febuluwale. Nthawi imeneyo ndinali mwalimu wachinyamata, wofuna kuoneka. Kunabwera alamu anga ndi anzawo, ndipo ine ndinachita manyazi kuwaikira nsima. Ndinatenga mbuzi yanga imodzi yokhayo, yaikazi, n'kukaigulitsa motchipa chifukwa aliyense ankagulitsa ziweto kuti apeze chimanga. Tinadya mpunga ndi nyama tsiku limodzi, alendo n'kundiyamikira, n'kumapita. Patangotha sabata ziwiri ufa unatha m'nyumba. Ine amene ndinadyetsa anthu ngati bwana ndinagwira khasu kukapempha ganyu, munda wanga n'kumera tchire. Kuti ndipezenso mbuzi ina panapita zaka zitatu. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene amatsala ndi njala ija ndi iwe ndi ana ako.

Chifukwa chimene ndikukumbutsira zakalezi ndi chakuti nyengo ija ikubwereranso. Kalendala yathu imatsata mwezi, ndiye chaka chilichonse Idi imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11. Mu 2023 tinaswali Idi mu Epulo, titangolira kumene abale athu amene anapita ndi namondwe wa Freddy mu Malichi. Mu 2025 tinaswali kumapeto kwa Malichi. Pofika 2028 tidzaswali mu Febuluwale, ndipo zikadzapita zaka zochepa idzalowa mu Januwale. Achinyamata amene akukwatira lero sanasalepo ndi kudya Idi m'miyezi ya njala ali eni khomo. Anazolowera Idi ya m'masika ndi m'chilimwe, pamene m'nyumba muli matumba. Ife a imvi tinaiona, ndipo ndi udindo wathu kunena kuti Idi ya mu Febuluwale siikonzedwa mu Febuluwale.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Munthu asanayambe kuwerenga zimene adzaphike, ayambe wawerenga anthu amene adzadye, ndipo oyamba pa mndandandawo akhale amene sadzabwera n'komwe pakhomo pake. Ndikunena za Zakaatul Fitr. Mutu uliwonse wa m'banja, kuyambira agogo mpaka khanda, umatulutsiridwa muyezo umodzi wa chakudya chimene timadya kuno, pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka kufika atatu, ndipo iperekedwe swala ya Idi isanachitike. Banja la anthu 7 ndiye kuti makilogalamu pafupifupi 20, ndowa yathunthu. Ndowa imeneyi ipatuleni pokolola, muimange payokha, musaikhudze. Ndimaona chaka ndi chaka anthu akugula zakumwa za m'mabotolo makireti awiri, koma m'mawa wa Idi akubwera ku mzikiti akunong'ona kuti, "Shehe, za Fitr zija zandivuta." Aaa, abale, pamenepo mphika wayamba ndi mwendo wolakwika. Ndipo musadikire m'mawa wa tsikulo. Mayi wamasiye naye amafuna nthawi yokonola ndi kupita ku chigayo.

Mukatero werengani a pakhomo, alendo amene mwawaitana, n'kuwonjezerapo mbale zinayi kapena zisanu za amene adzangotulukira. Pa Idi sitibweza munthu. Kwathu timawerenga kuti kilogalamu imodzi ya mpunga imakwanira akuluakulu asanu kapena asanu ndi mmodzi ngati ndiwo zilipo zokwanira. Anthu 20 ndiye makilogalamu anayi basi. Amene amagula theka la thumba akugulira maso a anthu, ndipo mpunga wotsalawo umachita kusasa madzulo n'kuthera kwa nkhuku. Chipembedzo chathu chimaletsa kuwononga chakudya, ngakhale pa tsiku la chisangalalo.

Tsono tiphike chiyani? Ndikuuzeni mmene timachitira ife, wina atolepo chimene chamukomera. M'mawa tisanapite ku swala timalawa kanthu, chifukwa pa Idi imeneyi ndi sunna kutero. Tiyi wa mkaka ndi chigumu kapena zitumbuwa za nthochi zakwana. Kuno ku Chiradzulu Allah anatidalitsa ndi ng'ombe za mkaka, sitingasowe lita imodzi kwa mnansi. Masana timaphika mpunga, komanso nsima pambali, chifukwa pali akulu ena amene ukawapatsa mpunga wokha amakauza anthu kuti agona ndi njala. Ndiwo zake nkhuku ziwiri zachikuda, nyemba kapena nandolo, ndi masamba otendera. Miyezi ya Febuluwale ndi Malichi imasowa chimanga koma ndiwo zamasamba ndi mbwee: nkhwani, chisoso, bonongwe, therere, ndipo maungu ndi mondokwa zimakhala zikuyamba. Futali wa maungu kapena wa chinangwa, amene tamudya mwezi wonse pomasula, sasanduka wonyozeka chifukwa mwezi waoneka. Chakumwa ndi thobwa, lophikidwa dzulo lake, osati la masiku anayi limene layamba kulankhula. Ana apatseni mapeyala ndi nthochi. Nanga pamenepa chasowa n'chiyani?

Zonsezi zimatheka ngati munthu wayamba msanga. Nkhuku imafungatira masiku 21, ndipo mwanapiye wachikuda amatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti afike pomuikira mlendo. Ndiye nkhuku ya pa Idi ya mu Febuluwale iyenera kuswedwa mu Ogasiti kapena Seputembala. Vuto ndi lakuti imeneyi ndi nyengo yomweyo imene chitopa chimasesa makola. Funsani alangizi a ziweto za katemera wodontheza m'diso uja, ndipo musamachite kamodzi n'kuiwala, amafunika kubwereza. Mtengo wa katemera wa nkhuku zonse za pakhomo sufika pa mtengo wa tambala mmodzi wa pa msika wa Mbulumbuzi sabata ya Idi.

Mpunga nawo gulani nthawi yokolola, mu Meyi kapena Juni, pamene alimi a ku Domasi ndi ku Likangala, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ali nawo wambiri. Wosapuntha umasungika bwino kuposa woyera. Mukagulitsa nandolo, patulani ndowa imodzi ya pakhomo ndi kandalama ka mafuta ophikira, mchere ndi shuga. Mtedza wa nsinjiro sungani ndi makoko ake. Za nsomba, abale athu asodzi akudziwa kuti dzinja nsomba zouma zimakwera mtengo chifukwa kuyanika kumavuta, komanso ndi nyengo imene makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane. Tisawakakamize kuba m'nyanja yotseka chifukwa cha phwando lathu. Gulani matemba kapena usipa wouma bwino mvula isanayambe. Amene muli ndi madamu a makumba, werengani miyezi isanu ndi umodzi kubwerera m'mbuyo kuchokera pa Idi, muike mbewu nthawi imeneyo. Mudzadya, mudzagulitsanso kwa anzanu.

Ndikudziwa wina akuti, "Koma shehe, Idi ndi kamodzi pa chaka, ana asala, alekeni adye bwino." Eetu, ndikuvomera ndi mtima wonse. Tsiku la Idi ndi loletsedwa kusala, ndi tsiku lodya, lovala bwino ndi kusangalala. Inenso ndimafuna adzukulu anga anyambite zala. Chimene ndikukana ndi chakudya chimene chimadya mwini wake. Mbuzi ya bere ndi mbuzi ziwiri kapena zitatu, ndi fizi ya mwana, ndi feteleza wa chaka chamawa. Choipa kwambiri ndi katapila. Munthu wasala masiku 29 kapena 30 kufuna chikhululuko cha Allah, n'kutsekera mwezi wonsewo ndi ngongole ya riba kuti agule mpunga? Ndipo ena amakongola ndalama n'kulonjeza thumba la chimanga chimene chikadali m'munda. Pokolola mwini ngongole amabwera ndi njinga, nkhokwe isanalawe n'komwe. Ngati pakhomo pavuta, gwirizanani mabanja atatu kapena anayi, musonkherane kuyambira pokolola, mugule tonde mmodzi mugawane, kapena muphikire pamodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Pali nkhani ina imene ife abambo sitikonda kuimva. Timaitana alendo osawauza amayi, kenako m'mawa wa Idi tavala mkanjo woyera, tadzola mafuta onunkhira, tapita. Amayi atsala ndi nkhuni zonyowa, utsi uli m'maso, swala ya Idi yawadutsa, ndipo podzadya iwo apeza makhwawa a nkhuku. Iwonso asala mwezi wonse, akuphika futari ndi dakwi pamwamba pa kupalira. Akunyumba kwanga anandiuza mosabisa zaka zapitazo kuti, "Bambo, mukamaitana anthu muziyamba mwafunsa mphika." Kuyambira pamenepo timakhala pansi pa 20 Ramadhani n'kuwerengera limodzi. Nkhuni ndimawaza ndine ndi anyamata, n'kuziika pouma. Kuzinga ndi kusosola nkhuku ndi ntchito yathu amuna. Madzi timatunga dzulo lake. Ndipo nthuli za amayi ndi ana zimapatulidwa mbale ya alendo isanatuluke.

Pokhala kuti ndi dzinja, tisaiwale kolera amene anatipweteka mu 2022 ndi 2023. Posamba m'manja tizithirirana madzi ndi sopo, beseni limodzi lozungulira anthu 15 lija tilisiye. Madzi akumwa akhale othira mankhwala kapena owiritsa, chakudya chidyedwe chikadali chotentha. Akulu amene ali ndi shuga kapena BP aphikireni kambale kawo kochepa mchere ndi mafuta, musawakakamize zotsekemera poti ndi Idi.

Musaiwalenso anansi athu Achikhristu. Kuno tinakhala mosakanikirana kuyambira kale, ena ndi a PIM, ena ndi a Katolika a ku Nguludi, ena ndi abale athu a bere limodzi. Pa Khirisimasi amatiitana kuti tikawazingire mbuzi n'cholinga choti nafenso tidye nawo. Ulemu umenewo tiubweze. Mbale imodzi ya mpunga yowoloka mpanda imamanga mudzi kuposa misonkhano khumi ya kwa amfumu.

Idi ya Qurbani imabwera patapita miyezi iwiri ndi masiku 10, ndiye zaka zino ikugwa nthawi yokolola. Amene ali ndi mphamvu, phwando la nyama alisungire pamenepo. Tonde wosalumala, wa msinkhu woyenera, muyambe kumusamala lero, kapena anthu 7 mugwirizane ng'ombe imodzi. Nyamayo ndi bwino kuigawa patatu: ya pakhomo, ya abale ndi anansi, ndi ya osauka. Ikatsala iduleni mizongo, muithire mchere, muiyanike kapena muiwambe.

Mnyamata uja tinakhala naye pansi pa mtengo wa mango n'kuwerenga. Alendo ake ndi a pakhomo anakwana 12. Ali ndi atambala awiri, nandolo wouma, maungu kumunda ndi mtedza pang'ono. Chimene chimasowa ndi makilogalamu atatu a mpunga, botolo la mafuta ndi shuga, zimene angazipeze atagulitsa mikoko iwiri ya nthochi. Anaseka, akuti, "Ndiye mbuzi ija ndimaiphera chiyani?" Ndinamuuza kuti apongozi anzeru akadzaona mbuzi ya bere m'khola adzadziwa kuti mwana wawo ali pabwino. Insha Allah idzaswa mapasa, ndipo chaka chamawa ndikapita kukamuona.

Allah alandire kusala kwathu, adalitse minda yathu, makola athu ndi nyanja zathu. Idi Mubarak kwa nonse.